Kukopera ndi kudula zolemba za anzathu pa foni, lamulo likuti chani?

M'magulupu athu a WhatsApp kuno ku Salima uthenga umachoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay ola lisanathe, koma dzina la amene analemba limagwera m'njira.

Kodi zolemba za pa foni nazo zili ndi mwini wake?

Eya. Lamulo la Copyright Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza ndakatulo, nkhani, ngakhale chithunzi chimene munthu wajambula yekha, ndipo sipafunika kukalembetsa kaye. Chitetezocho chimakhalapo moyo wake wonse kuphatikizapo zaka 50 atamwalira.

Nanga ndikangotapako ndime imodzi?

Palibe vuto bola ikhale yochepa, mutchule wolembayo ndi komwe mwaitenga. Zongolemba "copied" pansi zija sikutchula munthu ayi, ndikuvomera chabe kuti sizanu.

Ndikadulako pang'ono kuti ifupike, ndalakwa chani?

Apa ndiye pagona nkhani. Tiyerekeze wina walemba kuti ku chilumba cha Mbenje atseka kupha nsomba monga amachitira chaka chilichonse nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, inu mwadula zoti Mbenje ndi zoti nyengo ya mvula, kwatsala "atseka kupha nsomba", ndiye amayi ogulitsa usipa ku Chipoka ayamba kuimbirana, ena akweza mtengo wa ndowa, a ku Nkhotakota nawo akufunsa ngati nyanja yonse yatsekedwa, chonsecho dzina la munthu uja mwalisiya pansi ndipo otukwanidwa ndi iyeyo. Lamulo limapatsa wolemba ufulu wokana kuti ntchito yake ipotozedwe moononga mbiri yake. Kwa ine bola kuitumiza yonse kapena kungoisiya.

Kufowada nakonso ndi kuba?

WhatsApp siionetsa amene anayamba kulemba, imangoika ka "Forwarded" pamwamba basi, ndiye dzinalo lembani nokha. Pa Facebook dinani Share, dzina ndi deti zimapita limodzi. Kukopera nkupesita pa wolo yanu kenako nkumayankha "zikomo" anthu akamakuyamikirani, abale, kumeneko ndiye kuba.

Wina watenga zanga, nditani?

Tengani screenshot yoonetsa tsiku lomwe munaposita musanamulankhule, chifukwa ambiri amathamangira kufufuta. Muuzeni ku inbox aike dzina lanu kapena achotse, akakana muripoteni ku Facebook komweko. Ngati akupangira ndalama, mwina ndakatulo yanu waisindikiza kapena akuilakatula pa wailesi ngati yake, kaonaneni ndi a COSOMA ku Lilongwe, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira zaumwini wa ntchito zaluso kuyambira 1992.