Land Rover yopsa ya pa Chilenje 394

Ndaphunzitsa mbiri kuno ku Lusaka zaka zambiri ndithu, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti ana ambiri okwera minibasi ya ku Chilenje tsiku ndi tsiku sanapondepo pa nyumba nambala 394, imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo nthawi yomenyera ufulu, ena sadziwa nkomwe kuti ilipo, koma ukawafunsa m'kalasi kuti dziko lino linalandira liti ufulu onse amayankhira pamodzi ngati kwaya, 24 Okutobala 1964. Tsikulo analiloweza. Kanyumba kamene zinthu zambiri zinaphikidwira sanakaonepo.

Mbiri ya nyumbayi imayamba a Kenneth Kaunda asanalowemo. Mu 1953 azungu analumikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland (lero Zambia, Zimbabwe ndi Malawi) kukhala chitaganya, anthu akuda akukana m'maiko onse atatu koma palibe anawamvera. Kuno chipani chachikulu chinali ANC ya a Harry Nkumbula, a Kaunda anali mlembi wamkulu wa chipanicho, mpaka mu Okutobala 1958 pamene iwo ndi a Simon Kapwepwe ndi anzawo ena anaona kuti a Nkumbula akufewa kwambiri pa nkhani ya malamulo a chisankho, anachoka nkuyambitsa chipani chatsopano cha ZANC. Siinakhalitse. Mu Malichi 1959 boma la atsamunda linailetsa, a Kaunda anawatumiza ku Kabompo kutali uko, kenaka kundende, mpaka anakafika ku ndende ya ku Salisbury imene lero ndi Harare. Ali mkati anzawo anapanga chipani china cha UNIP, a Mainza Chona nkusunga mpando, ndipo atatuluka mu Januwale 1960 anawapatsa utsogoleri. Mwezi womwewo ndi umene analowa mu 394 pamodzi ndi mayi Betty ndi ana, ndipo anakhalamo mpaka Disembala 1962.

Zaka zitatu chabe, koma ndi zaka zimene zinatembenuza dziko. Mu 1960 nduna ya ku Britain yoona maiko a atsamunda, Iain Macleod, itafika pa bwalo la ndege la Lusaka inalandiridwa ndi amayi a Julia Chikamoneka ndi anzawo atavula kumtunda, ndipo aliyense wokulira kwathu kuno amadziwa kulemera kwake mayi wamkulu akachita zotero pagulu. Mu 1961 kunabwera zionetsero zokana boma la atsamunda zotchedwa Cha Cha Cha, msonkhano wa UNIP wa ku Mulungushi utatha, anthu makamaka kumpoto ndi ku Luapula anatseka misewu ndi mitengo, kuononga milatho, kutentha zitupa, timabuku todziwitsa munthu timene atsamunda ankakakamiza akuda kunyamula. Msewu wa Cha Cha Cha m'tauni muja umene ana amagulako mafoni ndi nsapato dzina lake linachokera pamenepo, ndipo nthawi zambiri ndikawauza amadabwa, ati tinkayesa ndi gule chabe. Pa chisankho cha kumapeto kwa 1962 chipani cha azungu cha UFP chinapeza mipando 16, UNIP 14, ANC 7, ndiye a Kaunda ndi a Nkumbula amene anasiyana aja anagwirizananso nkupanga boma, a Kaunda nkukhala nduna, ndi pamene anasamuka ku Chilenje.

Zonsezi zilimo m'manotsi, ndimalemba pa bolodi chaka ndi chaka. Koma tsiku limene ndinakwanitsa kutenga kalasi langa la Giredi 9 kupita kumeneko ndi limene ndinaona kusiyana. Sizinali zophweka, kusukulu anati ndalama ya thiransipoti palibe, makolo ena anati aphunzitsi kodi zimenezi zibwera pa mayeso, ndiye tinasonkherana tokha pang'onopang'ono mpaka zinatheka Loweruka lina m'nyengo yozizira.

Choyamba chimene chinawagwira ana ndi kuchepa kwa nyumbayo. Amayembekeza chinyumba cha mpanda ngati za ku Kabulonga, apeza kanyumba ka m'komboni ya anthu akuda, kofanana ndi nyumba zina zakale za m'deralo, muli mipando ndi ziwiya zoikidwa monga mmene zinalili nthawi ija. Mtsikana wina anaima pakhomo la chipinda nkuyamba kuwerenga ndi zala kuti banja lonse, kuphatikizapo alendo achipani obwera usiku, ankagona pati. Ine sindinamuuze kanthu, iye yekha anatembenuka nkunena kuti aphunzitsi, ndiye kuti nyumba ya ambuya anga ku Matero ndi yomweyi. Pamenepo ndiye ndinapeza poyambira kufotokoza mmene tauni ino anaikonzera itakhala likulu mu 1935 kuchoka ku Livingstone, azungu kumtunda ku Ridgeway, akuda m'makomboni awo kutali ndi mabwana, ndipo m'mabutchala munthu wakuda ankagulira nyama pa kawindo ka kumbali osaloledwa kulowa, zimene zinachititsa a Kaunda kuleka kudya nyama moyo wawo wonse. Ndikanena zimenezi m'kalasi amalemba osamva kanthu. Pakhomo paja anakhala chete.

Koma nkhani yeniyeni inali panja, pa Land Rover. Galimoto imene a Kaunda ankayendera pokopa anthu nthawi yomenyera ufulu ili pomwepo, yopsa, chitsulo chokhachokha. Mnyamata wina wolongolola kwambiri m'kalasi langa anaizungulira kawiri nkufunsa, aphunzitsi, azungu anaitentha liti? Ndinamuyankha kuti sanali azungu, tinali ife tomwe, mu Juni 1990. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Ndinawakhazika pansi pomwepo nkuwauza. Pofika 1990 a Kaunda anali atalamula zaka 26, dziko lili pa chipani chimodzi kuchokera 1972, mtengo wa mkuwa unagwa kalekale, ngongole zakunja zatipanikiza, mashopu mulibe kanthu anthu akuima pamzere kudikira sopo ndi mafuta ophikira. Boma litakweza mtengo wa unga kuposa kawiri, ophunzira a ku yunivesite ya UNZA anayamba zionetsero, makomboni nkutsatira, mashopu anathyoledwa, anthu oposa 20 anafa, ndipo mkwiyo wina unakafika pa 394 nkugwera galimoto ija. Pa 30 Juni msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, anthu anavina m'misewu maola ochepa zisanadziwike kuti zalephereka. Chaka chotsatira mu Okutobala a Frederick Chiluba ndi chipani chawo cha MMD anapambana chisankho, a Kaunda anavomera nkutula pansi. Ndiye chitsulo chimodzi chomwecho chikuuza mwana nkhani ziwiri, ya munthu amene anthu anamukweza pamapewa ndi ya munthu yemweyo anthu atatopa naye, ndipo ine ndimayamikira kwambiri a National Heritage Conservation Commission, osamalira nyumbayi, kuti anaisiya yopsa choncho osaipenta kapena kuibisa kuseri.

Ndinawapatsa homuweki imodzi basi, aliyense akafunse wamkulu wa kunyumba kuti Juni 1990 anali kuti, ndipo ngati pali kapepala kalikonse ka kale abwere nako. Ndimaganiza abwera atatu kapena anayi. Lolemba lotsatira desiki yanga inadzaza. Wina anabweretsa khadi la UNIP la ambuya ake, ati popanda limeneli sumatha kugulitsa pa msika. Wina anabweretsa kuponi ya unga, timapepala tija boma linayamba kupereka mu 1989 kuti osauka azigula motsika mtengo, inali yopindidwa kanayi m'kati mwa Baibulo. Ndipo mtsikana wa ku Matero uja anabwera ndi chitupa cha malemu agogo ake aamuna chokulungidwa mu pulasitiki, mapepala achita chikasu, muli dzina, mudzi, mfumu ndi zidindo za msonkho, ambuya ake anamuchenjeza kuti chikatayika asabwerere kunyumba.

Chimene chinatsatira sindinachikonze. Mwana wina anati atate ake amanena kuti a Kaunda anatipha ndi njala, wina anati amayi ake amalira mpaka lero akakumbukira kuti anaphunzira ulere kuyambira pulaimale mpaka koleji chifukwa cha munthu yemweyo, ndipo anayamba kukangana kuti wonama ndani. Ndinawasiya pang'ono kenaka ndinafunsa, atate ako anali ndi zaka zingati nthawi imeneyo, ankagwira ntchito yanji, nanga amayi ako anakulira kuti? Anayamba kuona okha kuti aliyense akunena zimene anaona ali pamene anaima. Chimenechi ndi chimene ndakhala ndikuyesa kuphunzitsa ndi choko zaka zonsezi osatheka. Ndinawauzanso kuti ku National Archives, kosungira zolemba zakale za boma pa Government Road, kuli mabuku amene ma DC achizungu ankalembamo za maboma awo, mafumu, misonkho, milandu, ndipo ndi ofunika zedi koma powerenga uzikumbukira kuti wolemba ndi amene ankatolera msonkho uja, wopereka msonkho sanapatsidwe cholembera, chake ndi chitupa ichi chili pa desiki.

Sindikunena kuti manotsi atayidwe, mayeso alipo ndipo ana ayenera kukhoza. Koma tili mu mzinda umene Freedom Statue ya 1974 yaima pa Independence Avenue pafupi ndi Lusaka National Museum, kutsogolo pang'ono kuli Embassy Park kumene a Kaunda anaikidwa mu 2021, dzina la Manda Hill lenilenilo likukumbutsa za manda a dera limene kunali mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo masukulu ambiri chaka chimatha osatulukako ngakhale kamodzi. Ndalama ya basi ndi vuto lenileni, ndikudziwa, koma masukulu ena a ku Chilenje, Kabwata ndi Libala angathe kungoyenda wapansi.

Chitupa chija ndinachibweza ndekha ku Matero Lachisanu lake, sindinafune kuti chiyende ndi mwana m'minibasi kachiwiri. Ambuya aja anachitsegula kuona ngati masamba onse alimo, anachibwezera mu pulasitiki, kenaka anandifunsa kuti aphunzitsi, ulendo wina mukamapita ku Chilenje mudzandiuze, amuna anga ankapita kumeneko usiku ine nkumawadikira ndi nsima, koma ine nyumbayo sindinaionepo. Tapangana temu ikubwerayi, adzakhala pampando wakutsogolo.