Sukulu ikatsekedwa, mwana waulumali aphunzira bwanji pakhomo? Mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Mangochi

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ana a pulayimale anauzidwa kutsatira maphunziro a Tikwere pa wailesi. Mu 2023 namondwe wa Freddy anaimitsanso sukulu m'maboma ambiri a kummwera. Nthawi ngati zimenezi, woyamba kutsalira amakhala mwana waulumali.

Kodi sukulu ikatsekedwa, aphunzitsi alibenso naye gawo mwana wanga?

Gawo alinalo. Lamulo la anthu aulumali la 2012, komanso la 2024 lomwe linalowa m'malo mwake, limaletsa kusala mwana pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Pitani kwa ahedi mukapemphe ntchito ya sabata yolembedwa mogwirizana ndi vuto la mwanayo. Akalephera, kaonaneni ndi a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya zoni yanu, akuuzeni komwe kuli mphunzitsi wa maphunziro apadera. Pa ana osaona, anthu ambiri kuno amadziwa za ku Nkope, komwe kuli malo ophunzitsira ana otere.

Wailesi imathamanga, mwana wanga amagwira zinthu pang'onopang'ono. Titani?

Phunziro la pa wailesi silidikira munthu. Lijambuleni ndi foni, ngakhale ya mabatani yokhala ndi memori khadi, kenako mulidule zigawo za mphindi 10. Mphunzitsi akafunsa funso, imitsani, muwerenge chamumtima mpaka 10 musanamuthandize mwana. Makolo ambiri amalakwa pomwepa: amayankha okha chifukwa cha chisoni, mwana n'kuzolowera kudikira.

Ngati pakhomo mumayankhula Chiyao, yambani mwamufotokozera m'Chiyaomo, mawu a Chichewa abwere pambuyo. Masamu muchite ndi zinthu zogwirika monga zitsekerero za mabotolo 20, njere za bwemba kapena usipa wouma. Chitani m'mawa dzuwa la kunyanja lisanawawe, pamalo omwewo tsiku lililonse.

Nanga wosamva, wailesi imuthandiza chiyani?

Payokha siimuthandiza kanthu. Wina amvere phunzirolo, alembe mawu ofunika asanu okha, ajambule chithunzi pambali pa liwu lililonse. Pomuphunzitsa khalani moyang'anana naye, pa mtunda wosaposa mita imodzi kapena awiri, kuwala kukumenya nkhope yanu osati msana. Musakuwe. Kukuwa kumapotoza milomo, mwana n'kulephera kuiwerenga. Funsani mphunzitsi wake akuphunzitseni zizindikiro za chinenero cha manja zomwe amagwiritsa ntchito m'kalasi, kuti zapakhomo zisasiyane ndi zakusukulu.

Ngati ali ndi kachipangizo kothandiza kumva, adani ake ndi thukuta ndi chinyezi. Usiku kapukuteni ndi nsalu youma, mutsekule kachitseko ka batire, mukasunge pamalo ouma bwino. Batire latsopano mukalichotsa kapepala, dikirani mphindi imodzi musanaliike, chifukwa limayamba kugwira ntchito mpweya ukalowa. Kakamangolira ngati wenzulo, kawirikawiri ndiye kuti sikanakhale bwino m'khutu kapena mwana wakula, chotsekera khutu chachepa.

Ife Braille sitiidziwa. Tingamuthandize bwanji mwana wosaona?

Maziko ake mutha kuwagwira tsiku limodzi. Chilembo chilichonse chimachokera pa timadontho 6: titatu kumanzere (1, 2, 3 kutsika pansi) ndi titatu kumanja (4, 5, 6). Dulani thireyi ya mazira isale ndi mabowo 6, awiri m'lifupi atatu m'litali, muziikamo timiyala. Mwala pa 1 ndi "a", pa 1 ndi 2 ndi "b", pa 1 ndi 3 ndi "k", pa 1, 2 ndi 3 ndi "l". Apo mwalemba kale "bala" ndi "laka".

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi sileti ya Braille. Pobaya mwana amayambira kumanja kupita kumanzere, chifukwa pepala limatembenuzidwa powerenga. Mukamuona akutero musamukonze, akulondola. Mapepala olembedwa kale musawapsinje pansi pa mabuku kapena kuwasiya ponyowa, timadontho timaphwa.

Mwana wachialubino amaona, bwanji amalephera kuwerenga?

Amaona, koma ambiri maso awo ndi ofooka ndipo kuwala kwambiri kumawathobwa. Lembani ndi cholembera chakuda chonenepa, zilembo zotalika ngati chala chaching'ono m'lifupi mwake kapena kuposa, mizere yotalikirana. Akayandikitsa kope kumaso musamuletse, sizipha maso. Akhale pamthunzi, kuwala kukuchokera kumbuyo kwake, atavala chipewa cha khonde ndiponso atadzola mafuta oteteza khungu. Pa foni, kulitsani zilembo ndi kuchepetsa kuwala.

Ali mu Sitandade 8. Mayeso ayenda bwanji?

A MANEB amakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma amakonzera mwana yemwe vuto lake linalembedwa nthawi yolembetsa mayina. Musadikire sukulu itsekulidwe. Kafunseni ahedi akuonetseni zomwe analemba pa dzina la mwana wanu, ndipo ngati muli ndi kalata ya kuchipatala yofotokoza vutolo, muwasiyire kope yake, yeniyeniyo musunge kunyumba.