Basi ya UTM ndi sitima ya ku Sandama zinathera kuti?

Akuluakulu a ku Thekerani, m'boma la Thyolo, akayamba kudandaula za mtengo wa ulendo wa ku Limbe, sachedwa kutchula UTM, osati chipani chija ayi, koma United Transport Malawi, kampani imene nthawi ya Kamuzu inali ngati mwini msewu. Basi yake inali ndi nthawi, inali ndi tikiti, ndipo matumba ndi njinga ankazimangirira pamwamba. Tisaikometse mopitirira: kumadera ambiri inkabwera kamodzi patsiku, ukaiphonya ndiye kuti ulendo wafa.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti basi yokwera zitunda za kumidzi sinkapindula kwenikweni. Inkayenda chifukwa kampani yomweyo inkakolola ndalama pamisewu ikuluikulu, monga wa Blantyre kupita ku Lilongwe, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inkathira mafuta m'basi ya kumudzi. Wokwera wa m'tauni ankalipirirako wa ku Thekerani osadziwa.

Mu 1989 kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula gawo lalikulu la UTM. Matipate atabwera mu 1994, msewu unatseguka kwa aliyense wokhala ndi minibasi, ndipo mu 1996 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo logulitsira makampani a boma. Eni minibasi sanali opusa. Anathamangira msewu wa tala wa Limbe, Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka Muloza, kumene anthu sasowa, n'kuisiyira basi yaikulu matope ndi zigwembe. Stagecoach inachoka mu 1997. Shire Bus Lines imene inalowa m'malo mwake inapirira zaka zingapo n'kugwa, kenako kunabwera National Bus Company ya a Mulli.

Kummwera kwa Thyolo bala lalikulu ndi la sitima. Njanji yochokera kuchigwa cha Shire inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ndiyo inakulitsa masiteshoni ngati Luchenza, Khonjeni ndi Sandama. Nthochi za kuno zinkafika ku Limbe pa sitima, mikoko yathunthu, pamtengo umene mlimi ankaukwanitsa. Madzi atakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, sitima inayamba kuthera pa Makhanga. Mu 1999 boma linapereka Malawi Railways m'manja mwa Central East African Railways, ndipo maso onse anatembenukira kunjanji ya ku Nacala, kumene kuli katundu wolemera wolipira bwino. Wamalonda sungamudzudzule pamenepo. Wofunika kufunsidwa ndi amene anasaina pangano osaganizira kuti okwera osauka adzawalipirira ndani.

Mkangano wa mitengo ya maulendo udakalipo. Eni minibasi amati mafuta, matayala ndi masipeyala zonse n'zogula kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 sakanachitira mwina koma kukweza. Akunena zoona, ndiponso lero munthu wa pa Thyolo boma sadikira tsiku lonse kuti apeze galimoto. Koma mayi wa nthochi wokhala kutali ndi tala amayamba walipira kabaza kuti amutulutse kumudzi. Akafika pasiteji, kondakitala amayang'ana dengu lija, n'kunena kuti nalonso lilipira mpando wake, ndipo mvula ikagwa wanjinga yamoto amawonjezera mtengo chifukwa cha matope.