Kodi chilango cha imfa chimachepetsadi kuphana?

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti dziko likathetsa chilango cha imfa, zigawenga zimataya mantha ndipo kuphana kumachuluka. Nkhaniyi yafika potopetsa, chifukwa imanenedwa ngati choonadi chosafuna umboni.

Dziko la Canada linathetsa chilangochi pa milandu yakupha mu 1976, ndipo chiwerengero cha ophedwa, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu m'dzikomo, chinatsika m'zaka makumi angapo zotsatira. Ku United States, zigawo zopanda chilangochi zakhala kwa nthawi yaitali ndi chiwerengero chotsikirapo kusiyana ndi zomwe zili nacho. Izi sizikutanthauza kuti kuthetsa chilangocho ndiko kumachepetsa kuphana, popeza umphawi, mowa, kufala kwa mfuti ndi kagwiridwe ka ntchito ka apolisi zimakhudzanso ziwerengerozi. Zikungoonetsa kuti umboni woti kunyonga kumaopseza kuposa kukhala m'ndende moyo wonse sunapezeke. Ambiri amapha ali ndi mkwiyo kapena ataledzera, ndipo amene amachita kukonzekera amakhulupirira kuti sagwidwa. Chimene ofufuza amapeza kawirikawiri n'chakuti munthu amaopa kwambiri akadziwa kuti agwidwa ndithu.

Kunena kuti wakupha ayenera kufa chifukwa cha kulemera kwa mlandu wake ndi mtsutso wina, wokhudza chikumbumtima, ndipo ziwerengero sizingauthetse.

Wina akakuuzani kuti kuphana kunachuluka kwinakwake, mufunseni dziko lake, zaka zake, ndi chiwerengero cha ophedwa pa anthu 100,000 alionse chilangocho chisanathe ndiponso chitatha. Akalephera kuonetsa komwe wazitenga, musazitumize kwa ena.