Mmene Bharathiraja anatulutsira kamera m'situdiyo za Madras kupita nayo kumudzi

Woonera mafilimu a Chitamil masiku ano sadabwa kuona minda yeniyeni, ngolo za ng'ombe, fumbi la pamsewu ndi anthu akuda ndi dzuwa. Koma chizolowezi chojambula mudzi kumudzi komweko chili ndi chiyambi chake. Ku Tamil Nadu, kum'mwera kwa India, ambiri amaloza chaka cha 1977 ndi munthu mmodzi, Bharathiraja.

Chisanafike chaka chimenecho mafilimu ambiri ankajambulidwa m'zinyumba zikuluzikulu ku Madras, mzinda umene tsopano ndi Chennai. Masitudiyo monga AVM ndi Vijaya Vauhini anali chakufupi ndi Kodambakkam, dera limene linabala dzina loti Kollywood, lotchulira ntchito ya mafilimu a Chitamil. Nkhani ikafuna mudzi, akalipentala ankakhoma tinyumba ta matabwa, opaka utoto n'kujambula mapiri ndi mitambo pa chinsalu chakumbuyo, ndipo mlimi ankatulukira atavala zositidwa, nkhope ili yosalala ndi zodzola. Eni mafilimu sankachita izi mwaulesi ayi. M'situdiyo kuwala kuli m'manja mwako, mvula sikuimitsa ntchito, ndipo katswiri wotchuka atha kugwira mafilimu awiri tsiku limodzi.

Bharathiraja anabadwa pa 17 July 1941 ku Allinagaram, pafupi ndi Theni, ndipo dzina limene makolo ake anamupatsa linali Chinnasamy. Asanalowe m'zamafilimu anagwirapo ntchito yoyendera zaumoyo m'midzi ya kwawoko, kumene anadziwana ndi Ilaiyaraaja wa ku Pannaipuram, amene pambuyo pake anadzapeka nyimbo za mafilimu ake ambiri. Ntchito anaiphunzira pothandizira otsogolera ena, mmodzi mwa iwo Puttanna Kanagal wa mafilimu a Chikannada. Chilungamo chake n'chakuti njira inali itayamba kale kulambulidwa: filimu ya Annakili ya mu 1976, yoyamba kwa Ilaiyaraaja, inali ya kumudzi ndipo nyimbo zake zinatchuka kwambiri. Chimene Bharathiraja anawonjezera n'chakuti analemba anthu ake monga amakhaliradi, amalankhuliradi, osawachapa.

Filimu yake yoyamba, 16 Vayathinile, kutanthauza "pa zaka 16", inatuluka pa 15 September 1977. Nkhani analemba yekha. Mayil ndi mtsikana wofuna kudzakhala mphunzitsi, amene akunamizidwa ndi dokotala wa ziweto wochokera kutauni. Chappani ndi mnyamata wotsimphina yemwe mudzi wonse umamutuma n'kumamuseka. Parattai ndi chimbalangondo cha m'mudzimo. Sridevi ndiye anali Mayil, Rajinikanth anali Parattai, ndipo Kamal Haasan, amene panthawiyo ankadziwika ngati mnyamata wa m'tauni wovala bwino, anavomera kukhala Chappani mpaka kuonekera pamaso pa anthu atangomanga thewera. Ndalama anaika ndi S. A. Rajkannu, ndipo zonse pamodzi sizinapitirire marupi 500,000, ndalama za ku India. Kamal analandira 27,000, Rajinikanth sanapitirire 3,000. Mudzi wa Chitamilwo anakaujambula chaku Mysore ndi Kollegal, m'boma la Karnataka loyandikana ndi Tamil Nadu, kamera ili m'manja mwa P. S. Nivas.

Kuti munthu amvetse kukula kwa ntchitoyi, ayenera kudziwa mmene kujambula panja kunkakhalira m'masiku a tepi ya filimu. Kamera imatenga zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo tepi ya mamilimita 35 imatha mafiti 90 pa mphindi. Ndiye kuti mkulungo wa mafiti 400 umatha mphindi zisanu zisanakwane. Wosewera akalakwitsa mawu, kapena mwana wa m'mudzi akasuzumira kuseri kwa mtengo, tepi imeneyo yapita, sungafufute n'kujambulaponso. Zomwe wajambula suziona pompo. Tepi imayenera kupita kotsukitsa kumzinda, ndipo ngati kachitsotso kanali pakhomo lomwe tepi imadutsa m'kamera, umadzadziwa patapita masiku, gulu litasamuka kale.

Vuto lachiwiri ndi dzuwa. Kukambirana kwa mphindi ziwiri kumatha kudya theka la tsiku, chifukwa amajambula mbali ya munthu mmodzi, kusuntha kamera, kenako mbali ya mnzake. Pofika pamenepo mthunzi watembenuka, ndipo polumikiza zidutswazo woonera amazindikira kuti wina akulankhula m'mawa, mnzake akuyankha masana. Dzuwa la paliwombo limachititsanso maso kulowa m'mdima. N'chifukwa chake anyamata ankaima ndi matabwa omatidwa pepala lonyezimira, kubwezera kuwala kunkhope, ndipo ojambula odziwa ankasungira zithunzi zapafupi m'mawa kapena chakumadzulo. Vuto lachitatu ndi mawu. Makamera opepuka otha kunyamulidwa m'minda ankalira kwambiri, kuwonjezera mphepo ndi jenereta, motero osewera ankadzabwereza mawu onse m'situdiyo, akuyang'ana milomo yawo pa chinsalu. Nyimbo zokha zinkajambulidwa kale, n'kumaziliza pamalopo kuti milomo igwirizane.

Kuchepa kwa ndalama kunaonekera pa kanthu kamodzi komwe anthu amakumbukirabe. Kuti munthu aoneke akuthamanga pang'onopang'ono, kamera imayenera kutenga zithunzi 48 kapena kuposa pa sekondi, ndipo izi zimafuna kamera yapadera komanso tepi yowirikiza. Gululi linalibe ndalama zake, choncho Sridevi anachita kuthamanga yekha mwapang'onopang'ono, kamera ikuyenda mwamasiku onse.

Ogula mafilimu okagawa m'makanema anaikana 16 Vayathinile, Rajkannu n'kuitulutsa yekha. Inakhala m'makanema masiku 175, ndipo woimba S. Janaki anapata mphoto ya dziko lonse la India chifukwa cha nyimbo imodzi ya m'filimuyi. Chaka chomwecho M. G. Ramachandran, katswiri wamkulu wa nthawi ya masitudiyo, anakhala nduna yaikulu ya Tamil Nadu n'kusiya kusewera. Mpata unatseguka, ndipo makamera anayamba kukhamukira kumidzi.

Zotsatira zinabwera mofulumira. Bharathiraja anatulutsa Kizhakke Pogum Rail mu 1978, Alaigal Oivathillai mu 1981, Mann Vasanai mu 1983, dzina lotanthauza fungo la nthaka. Mu 1985 anatenga Sivaji Ganesan, mfumu ya kalankhulidwe kokweza ka pansanja, n'kumusandutsa mkulu wa m'mudzi wofatsa mu Mudhal Mariyathai. Ankakonda nkhope zachilendo, ndipo atsikana ambiri omwe anawatulukira amadziwika ndi mayina oyamba ndi R: Radhika, Radha, Revathi, Rekha. K. Bhagyaraj ndi Manivannan anaphunzirira pansi pake asanayambe kutsogolera awo. Boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Shri mu 2004.

Pali mkangano umene sunathe. Mudzi wa ku India uli ndi magulu obadwa nawo, ena apamwamba ena onyozeka, ndipo otsutsa amati mafilimu ambiri a chaku Madurai, mzinda wa kum'mwera kwa Tamil Nadu, amene anatsata njirayi anasanduka otamanda gulu la Thevar ndi chikwanje chake. Madandaulowa ali ndi maziko, koma sakwanira kufotokoza ntchito yonse ya Bharathiraja. Mu Vedham Pudhithu ya mu 1987, mwana wa Chibrahmin, gulu loonedwa ngati lapamwamba, akufunsa mkulu wotchedwa Balu Thevar ngati mawu oti Thevar ndi digiri imene anaphunzirira, ndipo mkuluyo akusowa choyankha.

Karuththamma ya mu 1994 inapita pozama kuposa apo. Inakamba za kupha makanda aakazi m'midzi ina ya kum'mwera kwa Tamil Nadu, kumene banja la mkazi ndilo limalipira chuma chambiri pa ukwati, moti mwana wamkazi wachiwiri kapena wachitatu ankaonedwa ngati ngongole. Khandalo ankalimwetsa utomoni wa chomera chonga nkhadze. Zaka ziwiri filimuyi isanatuluke, mu 1992, boma la Tamil Nadu linali litayamba kuika timabedi ta makanda pa zipatala za m'dera la Salem, kuti mayi wosatha kusunga mwana wake amusiye pamenepo ali wamoyo.