John Wick sanachokere m'buku la zithunzi

Okonda mafilimu ambiri amakhulupirira kuti John Wick, munthu wa m'mafilimu a ndewu odziwika ndi dzina lomweli, anatengedwa m'buku la zithunzi kapena m'gemu ya pakompyuta, ndiponso kuti makampani akuluakulu a ku Hollywood anakonzeratu kuti padzakhale mafilimu ambiri otsatizana. Zonsezi si zoona.

Nkhaniyi anaipeka Derek Kolstad, ndipo poyamba inkatchedwa Scorn. Filimu yoyamba, ya mu 2014, inali yaing'ono ndithu. Ndalama zinavuta mpaka katswiri wa mafilimu Eva Longoria anaikapo madola 6 miliyoni kutatsala pang'ono kuti kujambula kuyambe. Oitsogolera, Chad Stahelski ndi David Leitch, anali asanatsogolerepo filimu yawoyawo. Ntchito yawo inali kugwa, kudumpha ndi kumenyedwa m'malo mwa akatswiri. Stahelski ankalowa m'malo mwa Keanu Reeves, amene amasewera ngati John Wick, mu filimu ya The Matrix.

Kwa ine, apa ndi pamene pagona mphamvu ya mafilimuwa. Anthu awiriwa ankaidziwa ndewu ndi thupi lawo, choncho anaika kamera patali, osaduladula zithunzi, kuti woonera aone nkhonya iliyonse ndi chipolopolo chilichonse. Reeves anaphunzira judo, jiu-jitsu ndi kuwombera mfuti kwa miyezi. Ndalama zagolide ndi hotela ya Continental, momwe zigawenga siziloledwa kuphana, zinaoneka mu filimu yoyamba koma sizinafotokozedwe mwatsatanetsatane. Oonera ndi amene anafuna zambiri.

Filimu yoyamba inapeza madola pafupifupi 86 miliyoni. Yachinayi, mu 2023, inaposa 400 miliyoni, kenako mu 2025 kunabwera Ballerina, filimu yochokera pa nkhani yomweyi, momwe muli katswiri Ana de Armas.