Chifukwa chake mlonda wa padziwe sangakusungireni chikwama

Dandaulo limene limandipeza kawirikawiri monga kapitawo wa alonda a padziwe losambiramo kuno ku Mulanje ndi lakuti anyamata ndi atsikana anga ndi amwano. Mayi apempha kuti, "Achimwene, tandisungiraniko chikwamachi," mnyamata akana, maso ali pamadzi. Bambo afuna kujambulidwa ndi ana ake, atambasula foni kwa mtsikana wokhala pampando wautali uja, iye angopepesa osatsika. Kwathu kuno mwana sakana akatumidwa ndi wamkulu, ndipo kuyankha munthu wamkulu uli khale pamwamba iye ataimirira pansi n'kusaleredwa. Ndikumvetsa. Koma lamulolo ndinaika ndine, ndipo mlonda amene walandira chikwama ndimamutsitsa pampando nthawi yomweyo.

Ambiri timaganiza kuti munthu akamamira amakuwa, kukupiza manja ndi kuthovutsa madzi. Zimenezo n'za m'mafilimu. Womira alibe mpweya wokuwira. Pakamwa pake pamatulukira kanthawi kongokwanira kukoka mpweya pang'ono, kenako pamabiranso. Manja sangawaimike, chifukwa thupi palokha limawatambasulira m'mbali kuti azikankha madzi. Amakhala chilili m'madzimo, mutu utapendekera kumbuyo, ngati akukwera makwerero oti palibepo, ndipo anzake oyandikana naye amayesa akusewera. Zimenezi zimatenga masekondi 20 mpaka 60, kenako wapita pansi. Ubongo ukakhala mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya umayamba kuonongeka.

N'chifukwa chake pantchito yathu pali lamulo la 10 ndi 20. Mlonda ayenera kuyendetsa maso m'chigawo chake chonse m'masekondi 10, ndipo akhale pamalo poti angathe kufika kwa wosambira aliyense wa m'chigawocho m'masekondi 20. Tsopano werengani nokha: kulandira chikwama, kufunsa ngati muli foni, kupeza pochiika, kuyankha zikomo. Mphindi yatha.

Ine kawirikawiri sindikhala pampando. Ntchito yanga ndi kuyang'anira maso a anzangawo, chifukwa maso amatopa mwiniwake osadziwa. Munthu akhoza kupenya madzi, diso lili tong'o, maganizo ali ku ngongole ya ku banki m'khonde. Kutentha kwa Okutobala kukafika, dzuwa likuthwanima pamadzi, nyimbo zikulira, tulo timabwera mosagogoda. Choncho palibe amene amakhala pampando umodzi kupitirira mphindi 30. Amasinthana malo, ndipo akazungulira amakapuma pamthunzi, kumwa madzi. Foni zonse zimatsala mu ofesi.

Posinthana m'pamene ndimakhwimitsa kwambiri, chifukwa anthu awiri akayamba kupatsana moni madzi amatsala opanda mwini. Wobwerayo amaima pambali pa mpando n'kuyamba kuyang'ana madzi, akatero m'pamene winayo amatsika. Akatsika amaimanso n'kuyang'ana mpaka mnzake atakhazikika. Ndipo amasiyirana mawu, maso onse ali kutsogolo: "Kamnyamata ka kabudula wofiira kakuyenda chogwira khoma, sikadziwa kusambira. Madala awo kumapetoko alawa." Mawu ochepa chonchi ndi amene amandiuza kuti munthuyo anali pantchito. Akangoti "zonse zili bwino" padziwe podzaza ana, ndimadziwa kuti amangopenya.

Nthawi zina ndimaponya kanthu kakuda pansi pa dziwe mwakachetechete n'kumawerenga masekondi mpaka wina aimbe wezulo. Sakondwa nazo, makamaka amene akhalitsa pantchito. Ndimakhalanso pampando uliwonse m'mawa ndi madzulo, popeza dzuwa likasuntha, ngodya imene imaoneka bwino 9 koloko imasanduka galasi pofika 3 koloko, ndipo mpando uyenera kusuntha nalo.

Palinso madziwo. M'mawa uliwonse, ndi masana ngati anthu achuluka, timayeza mankhwala. Klorini amayenera kukhala pakati pa mamiligalamu 1 ndi 3 pa lita, pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi m'madzi, pakati pa 7.2 ndi 7.8. Izi zimateteza ku matenda a m'mimba, a m'makutu ndi a pakhungu, koma kwa mlonda chachikulu n'choti madzi aonekere mpaka pansi. Kuno mvula si yosewera nayo. Ikagwa usiku wonse imakokolola dothi lofiira ndi masamba, magetsi akathimanso pampu imaima, ndere n'kuyamba. Ndikaima m'mbali n'kulephera kuona chitsekerero cha potulukira madzi kumalo akuya, dziwe latsekedwa, chifukwa mwana atagona pamenepo sitingamuonenso. Chimodzimodzi bingu likagunda: aliyense atuluke, ndipo tidikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Kunena n'kosavuta. Kuchita pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, kapena pa Khirisimasi, minibasi zitabwera kuchokera ku Limbe, anthu atalipira kale pageti, ndi nkhani ina. Abwana amayang'ana ndalama, makolo amayang'ana ana amene awalonjeza sabata yonse, onse n'kutembenukira kwa mlonda wamng'ono. Apa m'pamene kapitawo amadyera malipiro ake. Amapita yekha kutsogolo kukalandira mawuwo, kuti mtsikana amene waimba wezulo asaope kudzaimbanso mawa. Masiku oterewa ndimawerenganso mitu pageti, popeza anthu akapyola mlingo wa alonda amene ndili nawo, ena ayenera kudikira panja.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Pamenepa ndimayankhula ndi makolo mosabisa. Mlonda akuyang'ana anthu makumimakumi, inu muli ndi mwana mmodzi kapena awiri. Mwana wamng'ono akhale poti mukatambasula dzanja mumugwira, osati poti mukumuona muli pa Facebook. Musamusiyire mkulu wake wa zaka 10, nayenso ndi mwana. Chubu kapena tizibaluni ta m'mikono timeneti n'zoseweretsa, zimagudubuka ndiponso zimaphwa. Ngati mwana kapena inuyo muli ndi khunyu, tinong'onezeni pofika. Sitikubwezani, tingodziwa poika diso.

Gulu lina limene limatipatsa ntchito ndi anyamata akuluakulu. Amapikisana kukhala pansi osapuma, ndipo munthu amatha kukomoka ali konko mopanda chizindikiro chilichonse, ngakhale ali katswiri. Amadumphira chamutu kumalo osaya, kumene khosi limathyoka. Mowa ukalowapo zonsezi zimawirikiza. Amene walawa ndimapita ndekha kukamutengera pambali: "Bambo, lero tikhale kumtunda kuno." Ena amamva, ena amatukwana, koma m'madzi salowa.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife sitisambira m'maiwe olipira. Timasambira mu Likhubula, mu Ruo, mu Thuchila, m'madamu a m'minda ya tiyi, kapena ku Dziwe la Nkhalamba alendo akabwera. Kumeneko kulibe wezulo. Madzi ochokera m'phiri amazizira moti amatha kubanikitsa munthu wongodumphira, miyala ndi yoterera, ndipo mvula ikhoza kugwa pamwamba pa phiri kumunsi kuli dzuwa, mtsinje n'kudzaza modzidzimutsa. Amene tinaona Namondwe Freddy mu Malichi 2023 mphamvu ya madziwa tikuidziwa.

Zimene ndimaphunzitsa alonda atsopano zimagwiranso ntchito kumeneko. Kudumphira ndi njira yomaliza, chifukwa womira amakakamira aliyense wofika pafupi n'kumukanikizira pansi, maliro n'kukhala awiri. Mupatsireni nsungwi inu mutagona chafufumimba pamtunda, muponyereni chingwe, kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chimayandama. Mukamuvuula musamuzondotse kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke, kumeneko n'kutaya nthawi ndipo masanzi amalowa m'mapapo. Mugonekeni chagada, mupendeketse mutu kumbuyo, muone ngati akupuma. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu mutamutsina mphuno, kenako mudinikize pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, mpweya kawiri, ka 30, mpweya kawiri, osasiya, wina akufuna galimoto. Powerenga pokha manja sazolowera. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo alonda anga ndimawabwerezetsa zimenezi pafupipafupi tisanatsegule geti.

Amene watsitsimuka, kapena amene akutsokomolabe, kupuma movutikira kapena kuodzera atavuulidwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale iye akuti ali bwino. Madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola angapo, munthu ali kale kunyumba. Padziwe pathu ameneyo timamuperekeza, ndipo zonse ndimazilemba m'buku: nthawi, malo, ndi amene anali pampando.